Ife tingophika nsima, odya ndi a Taifa

Dzulo kwa Chiponde m'Taifa wina wogulitsa zitenje wandinyasitsa zedi, tikudikira minibasi yopita ku boma iye nkumati "inu Amalawi ntchito yanu ndi kuyala makapeti basi." Ndinafuna kumuyankha koma mawu anandithera pakhosi, chifukwa munthuyo sananame ayi.

Taonani nokha. Mlembi wamkulu wa SADC, amene amayendetsa ofesi ku Gaborone tsiku ndi tsiku, amasankhidwa ndi atsogoleri a mayiko pa msonkhano wawo waukulu, amakhala zaka 4 ndipo atha kumuwonjezera zina 4 kamodzi. Mu 2013 msonkhanowo unali ku Lilongwe nthawi ya amayi Joyce Banda, amene anatenga mpando ndi Stergomena Tax wa ku Tanzania, nkukhalapo zaka 8 zathunthu. Mu 2021 msonkhano ku Lilongwe komweko kachikena, ife kupenta misewu, kutseka maraundabauti, apolisi tsiku lonse padzuwa, amene analumbira ndi Elias Magosi wa ku Botswana. Kawiri konse mpando kuperekedwa pabwalo pathu, ife tikuomba m'manja ngati alendo a paukwati. Chiyambire SADC palibe Mmalawi anakhalapo mlembi wamkulu. Palibe!

A Taifa aja zinthu izi sazitenga mwachibwana. Akafuna mpando boma lonse limadzuka, nduna zimayenda dziko ndi dziko kupempha mavoti, kaya munthuyo ndi wa gulu liti kwawo zimenezo amakakambirana akapambana. Salim Ahmed Salim wa ku Tanzania anayendetsa OAU, bungwe la mayiko a mu Africa lomwe pano ndi AU, kuyambira 1989 mpaka 2001, zaka 12 amwene. Ife munthu wathu akangotchulidwa dzina timayamba kufunsa kuti kwawo nkuti, ndi wa chipani chanji, mpaka tamugwetsa tokha asanakwere ndege.

Anzathu a ku Mozambique apa pa Mandimba nawo anadyapo, Tomaz Salomão anali mlembi wamkulu wa SADC kuyambira 2005 mpaka 2013. Zambia ili ndi mayi Chileshe Kapwepwe, mlembi wamkulu ku COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa.

Chabwino, wina anena za Bingu, ndipo apo ndivomera. Anayendetsapo COMESA, ndipo mu 2010 anakhala wapampando wa AU pomwe Gaddafi amafuna kukakamira, tsiku limenelo tinayenda modzitukumula ndithu. Komatu umenewo ndi mpando wa chaka chimodzi, wosinthana zigawo, umangofika nthawi yako ikakwana. Mpando wovuta ndi wa mkulu wa AU Commission, ofesi yoyendetsa ntchito za AU tsiku ndi tsiku, zaka 4, ndipo pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu, kumbukirani mmene Raila Odinga wa ku Kenya anagonjera kwa Mahmoud Ali Youssouf wa ku Djibouti mu February 2025, kadziko kochepa kuposa Malawi. Kumeneko ife sitimayesako nkomwe.

Ndiye a boma, mpando wa ku Gaborone ukadzatseguka musadzayambe kufuna dzina kutatsala sabata, ndipo musadzatumize munthu chifukwa choti anavina pa kampeni.