Nsanza zanu si thandizo

Nkhaniyi ndaisunga mumtima kuyambira nthawi ya namondwe wa Freddy, lero ndingoilankhula. Wokwiya akwiye.

Mu Malichi 2023, matope atatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ine ndi amayi anzanga a kumpingo tinadzipereka kukathandiza pa msasa wina womwe unali pa sukulu ya pulaimale. Anthu ankagona m'makalasi pa simenti, amayi ndi ana kwawo, abambo kwawo. Ine anandipatsa ntchito yomasula matumba a zovala zimene anthu akufuna kwabwino ankabweretsa. Abale inu, zimene ndinaona mmenemo! Nsapato ya gogoda, ya phazi limodzi. Malaya ong'ambika m'khwapa, mabatani kulibe. Mataye. Zamkati zosachapa n'komwe. Munthu wasesa m'chipinda mwake, zinyalala n'kudzatitulira ife, madzulo pa Facebook ali "tinakaona abale athu ovutika."

Sindikudziyeretsa ayi. Nanenso tsiku loyamba ndinanyamula diresi limene ndinalisiya kalekale chifukwa zipi inafa.

Tsiku lachitatu mayi wina, mwana ali kumbuyo, anandikokera kuseri kwa kalasi n'kunena motsitsa mawu: "Achemwali, zovala talandira, zikomo. Koma sopo kulibe? Ngakhale chitenje chimodzi, ndizipeza chofunda ndikachapa chinochi." Kenako anandilozera mwana wake wamkulu, mtsikana, yemwe anakhala tsiku lonse pakona osadzuka. Mapadi analibe. Ndinachita manyazi. Masiku atatu tikugawa zinthu, palibe mmodzi wa ife anafunsapo kuti kodi mukusowa chiyani. Komanso paja kolera amene anayamba mu 2022 uja anali asanathe, ndiye ndowa yovundikira, sopo ndi kulorini zinali zofunika kuposa thumba lonse la kaunjika.

Za zithunzi ndiye zinandinyansa. Kathumba ka ufa ka makilogalamu 5, opereka anthu asanu ndi mmodzi, aliyense wagwirako ngodya. "Agogo, yang'anani kuno. Mwetuliraniko pang'ono." Gogo amene mdzukulu wake sanapezeke mpaka tsikulo, amwetulire chiyani? Ena amati zithunzi n'zoonetsa amene anasonkha ndalama kuti katundu wafika. Chabwino, jambulani katunduyo. Nkhope ya munthu wolira mukuifuniranji?

Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Nsanje, osati mu Blantyre mokha. Vuto lotero silitha ndi ulendo umodzi wa Loweruka. Koma pa msasa pathu magalimoto anayamba kuchepa sabata yachitatu isanathe. Anatsala ndi ndani? Amayi a m'dera lomwelo, amene ankalawirira kudzasonkha moto ndi nkhuni zonyowa, utsi uli m'maso, n'kuvundula nsima ya anthu mazana ndi mthiko wotalika ngati munsi. Anyamata amene anafukula matope ndi makasu, ena ndi manja, ndi omwewo ankatunga madzi ndi kukonza zimbudzi. Analibe matisheti olembedwa, sanafunse alawansi (ena ochokera m'tauni anafunsa, ndinamva ndi makutu angawa). Kwa iwo zinali ngati pa maliro: adzukulu kumanda, amayi kumoto, palibe woitanidwa ndi kalata.

Masiku ano kumpingo tikamasonkha zinthu zokapereka, ndimakhala pakhomo n'kutsegula thumba lililonse mwini wake ali pomwepo. Ena amandiona ngati wamwano. Mayi wina mpaka anatenga thumba lake n'kubwerera nalo, sabata yotsatira anabweretsa sopo ndi zitenje ziwiri zatsopano, koma moni wake mpaka lero ngwa kukhosi.

Nsapato ya gogoda ija tinakaitaya kudzala limodzi ndi nsanza zina. Panafunika wilibala, maulendo awiri.