Si tarantula aliyense amene amaluma ngati njuchi

Ena amanena kuti kulumidwa ndi tarantula woweta, yemwe ndi kangaude wamkulu waubweya, sikusiyana ndi kulumidwa ndi njuchi, koma mfundo imeneyi ndi yoona pa mitundu ina yokha. Atarantula ambiri a ku America, monga Grammostola rosea wa ku Chile amene ambiri amayambira kuweta, poizoni wawo ndi wofookadi, ndipo choopsa chawo chenicheni ndi tiubweya ta pamimba timene amatiwaza ndi miyendo yakumbuyo akaopsezedwa. Tiubweyati tikalowa m'diso timakanirira, moti kutupa kwake kumatha kutenga miyezi, ndipo nthawi zina dokotala wa maso amachita kuzula kamodzikamodzi.

Mitundu ya ku Asia ndi ku Africa ilibe tiubweya totere, choncho imadziteteza poluma. Munthu wolumidwa ndi Poecilotheria wa ku India kapena Sri Lanka minofu imatha kumukokana thupi lonse kwa masiku angapo, ena mpaka milungu, ndipo mankhwala osukulutsa poizoniyo palibe. Achipatala amangotsuka bala, kuchepetsa ululu ndi kuona ngati katemera wa kafumbata akufunika. Wogulitsa amene sauza wogula za kusiyana kumeneku ndimaona kuti akumulakwira kwambiri, makamaka ngati pakhomopo pali ana.