Hotela ya all-inclusive ndinagonamo, koma kuno ku Mulanje isabwere

Chilembereni phiri lathu la Mulanje m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu Julayi 2025, nkhani ya mahotela sikutha m'magulu athu a pa WhatsApp. Ambiri akuti tsopano pabwere munthu wa chikwama chake, adzamange chihotela m'tsinde mwa phiri, cha mtundu uja amati all-inclusive, woti mlendo amalipiriratu zonse asananyamuke kwawo, kogona, chakudya, zakumwa ndi zisangalalo zomwe. Akuti ndi mmene zilumba ngati Zanzibar ndi Mauritius zikukololera ndalama za alendo. Ine hotela yotereyi ndinagonamo, ku Zanzibar komweko. Zabwino zake ndinaziona ndi maso angawa ndipo sindizibisa, koma pa Likhubula, poyambira kukwera phiri lathu, ayi, sindikuyifuna.

Ana athu ndi amene anasonkherana kuti ine ndi mayi awo tikapume. Tinakwera ndege pa Chileka mpaka Dar es Salaam, kenako boti la maola awiri kuwolokera pachilumbapo. Titangofika pa hotela anatimanga kalamba ka pulasitiki pamkono. Kalambako ndiye ndalama yako. Ukafuna tiyi, nsomba, madzi a koko, thaulo la kudziwe losambira, umangoonetsa mkono basi. Kwa ife a kwacha zimenezi si zazing'ono. Tonse tikukumbuka Novembala 2023 pamene ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo tikudziwa mmene madola amavutira kupeza ku banki. Munthu ukakhala kunja, mbale iliyonse umayiwerengera m'mutu kuti kwathu ndi matumba angati a chimanga, mpaka chakudya chimasiya kukoma. Kumeneko mtima umenewo unalibe malo.

Ndipo mayi a kunyumba anapumadi. Munthu amene chikwatiwireni wakhala akudzuka tambala woyamba kukoleza moto, kuthamangira kusukulu kukaphunzitsa, kubwerako n'kuyambanso za ndiwo, ndinamuona atakhala phee pampando, miyendo ili mumchenga, popanda womufunsa kuti lero tidya chiyani. Amene amanyoza mahotela awa kuti ndi a anthu aulesi sanaphikepo zaka makumi atatu osalekeza. Banja la ana aang'ono, munthu wachikulire amene miyendo yayamba kuvuta, wodwala amene akungofuna mphepo yabwino, kwa anthu otere malowa ndi abwino zedi.

Vuto langa lili pa mpanda.

Hotelayo inali mbali ya kum'mawa kwa chilumbacho, kumene madzi a nyanja amaphwera kutali kwambiri kenako n'kubwereranso tsiku lomwelo. Madzi akaphwera, amayi a m'midzi ya kumeneko amalowa m'nyanja atavala zovala zawo zonse, mipango kumutu, kukasamalira ndere za m'nyanja zomwe amalima. Amakhomera timitengo mumchenga, kumanga zingwe, n'kumangirira timbewu ta nderezo. Ndinawayang'anitsitsa. Amakhala chowerama kapena chokhala m'madzi ofika m'chiuno, dzuwa likuswa mtengo, kenako amasenza mitolo yonyowa kukayanika kumtunda. Ife tinali pamipando yogona, patsogolo pathu pali chingwe ndi mlonda. Anyamata ogulitsa mikanda ndi zosema amalekeza pachingwepo. Palibe anatiletsa kutuluka, geti linali lotsekula nthawi zonse, koma mwa alendo onse amene tinkadya nawo, otuluka anali owerengeka.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu walipira kale nkhomaliro ndi mgonero. Akatuluka kukadya kumudzi ndiye kuti walipira kawiri. Ndiye amakhala. Si kuuma mtima, ndi mmene dongosololo analikonzera, kuti phindu la hotela likhale pa kusatuluka kwa mlendo.

Ife tinatuluka. Kuseri kwa mpanda, mtunda wosakwana kuchoka pa Chitakale kufika pa boma, kunali mudzi wa nyumba za miyala yoyera ya m'nyanja, mbuzi, ana ochokera ku madrasa, ndi kamalo kodyera ka mayi wina, mabenchi awiri ndi tebulo la nsalu ya pulasitiki. Anatipatsa mpunga wa pilau wonunkhira ma clove ndi nyama ya m'nyanja ija ya miyendo isanu ndi itatu, yophika mu mkaka wa koko. Chiswahili changa ndi cha pamsika, koma tinamvana. Mayi a kunyumba anamufunsa ngati alendo a m'mahotelamo amabwera kudzadya. Anapukusa mutu n'kuloza mkono wanga, pomwe panali kalamba kaja. Tsiku lomwelo madzulo ndinaona anyamata a pa hotela akuchotsa ziwiya zikuluzikulu za chakudya chotsala, ndi mbale za alendo zomwe anaunjikamo nyama n'kungolawa pang'ono. Munthu wochokera ku boma lomwe namondwe Freddy anakokolola minda ndi midzi mu Malichi 2023, zimenezi sungazione mtima uli m'malo.

Wina anena kuti hotelayo yalemba ntchito anthu ambiri. Zoona, ndipo ogwira ntchitowo anatisamala mwaulemu waukulu, mpaka kumawatchula mayi a kunyumba kuti mama ngati kholo lawo. Msonkho boma limatolera, nsomba zina amagula kwa asodzi a pomwepo. Koma taonani njira ya ndalama. Ana athu analipira pa intaneti, m'madola, ku kampani yosungitsa malo yomwe ili kutsidya kwa nyanja. Kampaniyo inatapapo gawo lake. Yotsala inapita kwa eni hotela. Chofika m'mudzi muja ndi malipiro a pamwezi a woyala mabedi ndi wotchetcha kapinga. Mayi wa pilau, mnyamata wa njinga yamoto, wosoka zovala, wogulitsa zipatso, onsewa amangomva phokoso la nyimbo za usiku kuseri kwa khoma.

Ife a ku Mulanje ndi Thyolo sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Tiyi anayamba kulimidwa kuno cha m'ma 1890, ndipo agogo athu ankatiuza za thangata, kugwira ntchito m'munda wa mzungu kuti uloledwe kukhala pa nthaka. Mpaka lero ukamadutsa mseu wa Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo mpaka ku Muloza, maso amakhuta ndi kubiriwira kwa minda ya tiyi, alendo amatsika galimoto kujambula, koma ukalowa m'midzi yozungulira upeza banja lonse likudalira kamunda kosakwana ekala. Chuma chokongola chomwe chili pakati pathu koma sichili m'manja mwathu tachionera kwa zaka zoposa zana limodzi. Sindikufuna phiri nalonso lilowe m'gulu limenelo.

Chinanso chinandikhudza kwambiri ku Stone Town, mzinda wakale wa pachilumbapo, womwe UNESCO inaulemba mu 2000. Tinakwera dala-dala, timabasi tawo tothithikana, kupita kumeneko patokha. Pali tchalitchi cha Anglican cha Christ Church chomwe chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, womwe unatsekedwa mu 1873. Amakulowetsa m'tizipinda tapansi, totsika denga, momwe amati anthu ankasungidwamo kudikira kugulitsidwa. Ambiri mwa anthu amenewo ankachokera kuno. Ankawawolotsa nyanja yathu kuchokera ku Nkhotakota kwa Jumbe, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kenako pa ngalawa kupita ku Zanzibar. Mkati mwa tchalitchimo muli kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo womwe pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone ku Chitambo. Mishoni ya Anglican ya UMCA, yomwe inamanga tchalitchi chimenechi, ndi imenenso inadzamanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Likoma kuyambira 1903. Mayi a kunyumba analira m'kachipindamo. Titabwerera ku hotela madzulo, amene tinakhala nawo patebulo anatiuza kuti akubwerera kwawo mawa lake ndipo ku Stone Town sanapondeko. Anaona mchenga, dziwe losambira ndi bala. Anthu abwinobwino, ochezeka, koma chilumbacho sanachione.

Tsono tayerekezani mlendo wotereyu ali pa Likhubula. Wafika pa Chileka, basi ya hotela yamunyamula, magalasi otseka, mpaka m'kati mwa geti. Chambe akumuonera pakhonde, kapu ili m'manja. Chinanazi cha kuno, chomwe kutsekemera kwake kulibe chinzake m'Malawi muno, akuchidya chosendasenda m'mbale osadziwa nkhope ya mayi amene anachilima. Gule wa tchopa akumubweretsera pabwalo la hotela kwa mphindi makumi awiri pakati pa mgonero ndi mowa, pamene ku Chonde kuli pafupi pomwepa, kumene Mulhako wa Alhomwe umasonkhana chaka ndi chaka mu Okutobala. Ku Dziwe la Nkhalamba akupita ndi wantchito wa hotela. Nanga anyamata athu aja amakhala pa geti la nkhalango kudikira alendo adzadya chiyani?

Chomwe ambiri sakuchiona n'chakuti ife tili kale ndi dongosolo labwino kuposa limenelo, kungoti ndi losauka ndipo sitilisamala. Mlendo wokwera phiri lero amagona pa malo ogona alendo aang'onoang'ono a pa boma kapena pa Likhubula. Amagula mpunga, mazira, tomato ndi nthochi pa Chitakale. Amakwera kabaza. Amalemba womulondolera njira ndi omunyamulira katundu, anyamata a m'midzi yomweyi, ndipo ndalama amawapatsa pamanja. Akafika ku Chambe, Lichenya, Thuchila kapena Chisepo, komwe amagona ofuna kukafika pa Sapitwa pa mamita 3,002, amapeza mlonda wa nyumba ya paphiri atamukolezera moto ndi kumutungira madzi, nayenso amalandira kangachepe. Potsika amagula zosema. Ndalama ya mlendo mmodzi imadutsa m'manja ambiri, ndipo madzulo omwewo imakhala itasanduka ufa, sopo ndi fizi. Mphwanga wina wa kwa azakhali anga wamanga nyumba ya malata ndi ntchito yonyamula zikwama yomweyi. Ndinamuona tsiku lina akutsika, chikwama cha mlendo kumsana, chake chapamutu, ataponda tinsapato ta pulasitiki toduka chingwe, akucheza ndi mlendoyo ngati anakulira limodzi. Mlendo ameneyo anabwerera kwawo akudziwa dzina la munthu, dzina la mudzi, ndi kukoma kwa kalongonda.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Alendo ena amadandaula kuti akangotsika galimoto anthu amawaunjirira, aliyense akukoka kwake. Zimbudzi zabwino n'zosowa. Onyamula katundu ambiri alibe nsapato zoyenera ngakhale majekete a mvula, pomwe kuzizira kwa pamwamba paja, chiperoni chikagwa, kumatha kupha munthu. Mkungudza wathu, mtengo wa fuko womwe mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha, tautha ndi macheka, ndipo makala akumaliza zotsala. Izi n'zimene zimachititsa anthu kuganiza kuti mankhwala ake ndi mpanda ndi mlonda. Koma mpanda suchotsa mavutowa, umangowabisa kuti mlendo asawaone. Mnyamata amene wachotsedwa pa ntchito yolondolera alendo sakhala pansi, akwera phiri lomwelo ndi nkhwangwa.

Mahotela abwino abwere, ndikuwafuna. Tikusowadi malo ogona a pamwamba oti munthu wa ndalama zake akhutire. Koma akhonsolo ndi mafumu athu, pokambirana ndi aliyense wofuna malo, afunse mafunso asanasayine. Kodi olondolera alendo adzakhala a bungwe la anyamata a konkuno kapena obwera nawo? Ndiwo zamasamba, zinanazi, mapeyala ndi nkhuku adzagula kwa alimi a kuno ndi a ku Bvumbwe, kapena zidzabwera pa lole kuchokera kunja? Madzi a dziwe losambira adzapatutsa mumtsinje uti, ndipo midzi ya kumunsi idzatsala ndi chiyani mu Okutobala? Njira yopita ku Dziwe la Nkhalamba idzakhalabe yotsekuka kwa mwana wa sukulu wa pa Nkando amene alibe kalamba pamkono? Hotela igulitse kogona ndi kadzutsa, nkhomaliro mlendo akadye kunja.

Kwa anzanga amene mukusunga ndalama zoti mukapume pa chilumba, pitani ndithu, musamve ngati ndikukuletsani. Mungodziwa kuti zonse zija amati zalipiridwa sizikhala zonse. Tikiti ya ndege nthawi zambiri imakhala payokha, maulendo okaona malo ndi apadera, zakumwa zina zodula amalipiritsa, ndipo ku Zanzibar kuyambira Okutobala 2024 mlendo amayenera kugula inshulansi ya boma la kumeneko, yomwe poyambapo inali ya madola 44. Funsani mtengo wa kogona ndi kadzutsa ndi mgonero wokha, muyerekeze, nthawi zina mupeza kuti yotsalayo ikukwanirani kudya kunja masana onse. Anthu a kumeneko ambiri ndi Asilamu, choncho amayi tengani chitenje chofunda mukamalowa m'mudzi, abambo musayende chifuwa chili pamtunda. Musinthe ndalama pang'ono kukhala ma shilling, mukadye madzulo pa Forodhani, bwalo la zakudya la ku Stone Town, mukalowe mumsika wa Darajani, ndipo ku tchalitchi chija cha pa msika wa akapolo musalephere kufikako.