Uthenga wa boma uzibwera ndi munthu woti timufunse

Abale anga a muno mu Lusaka, nyengo ya mvula ikamayandikira ndimayamba kudera nkhawa za kolera, ndipo nkhawa yanga yaikulu imakhala pa mmene uthenga umayendera mumzinda uno. Boma lathu limadziwa kulengeza. Chimene silinachizolowere ndi kuima pamaso pa anthu, kunena nkhani m'chilankhulo chawo, kenako n'kudikira kuti afunse. Mipingo inazolowera zimenezo kalekale, n'chifukwa chake mawu a mkulu wa mpingo amalowa m'nyumba zimene mawu a nduna sanalowemo.

Taonani mmene uthenga wa boma umabadwira. A nduna aitana atolankhani, awerenga chikalata cha Chingerezi, wina achijambula n'kuchiika pa Facebook, masamba atatu, chidindo pamwamba. Madzulo chimveka pa ZNBC. Inde, Radio 1 imaulutsa m'zilankhulo 7, Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, koma zonsezi zimagawana wailesi imodzi, ndipo ola la Chinyanja likakupezani muli panjira, basi lapita. Nthawi zina galimoto ya ZANIS, nthambi ya boma yofalitsa nkhani, imadutsa m'komboni ndi chimkuzamawu, koma imalankhula ikuyenda. Mumva chiyambi cha chiganizo, mapeto ake akamva a mumsewu wina. Amayi amene amadzuka kusanache kukapikula tomato ku Soweto Market sagula mabandulo kuti awerenge chikalata cha unduna. Kwa ofesi, ntchito yatha chifukwa chikalata chatuluka. Kwa amayiwo, palibe amene wawauza kanthu.

Ku mpingo nkhani imayenda mwina. Mlembi aimirira Lamlungu n'kuwerenga zolengeza m'Chinyanja, mwina abwerezanso m'Chibemba poti muno tinasakanikirana. Nkhani yomweyo ikatulukanso ku mphakati mkati mwa sabata, pabwalo la nyumba ya munthu, anthu atakhala pamipando yobwereka. Amayi a Chigwirizano a mpingo wa Reformed (RCZ) akakumana aikambanso, a Dorika a mpingo wa Adventist aikambanso pa Sabata. A Mboni za Yehova amafika pakhomo penipeni ndi Nsanja ya Olonda yolembedwa m'chilankhulo chathu, ndipo ukawafunsa funso lowavuta amabweranso sabata yamawa ndi yankho. Ku mzikiti Lachisanu ndi chimodzimodzi. Wonena nkhaniyo ndi munthu amene timagula naye malasha pamalo amodzi, amene anabwera pa maliro a mwana wathu n'kugona panja pamodzi nafe. Ukapanda kumvetsa umamugwira dzanja potuluka n'kumufunsa kuti, abusa, zija munanena zija zikutanthauza chiyani kwa ife a lendi? Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Chenjezo la munthu amene sitinamuonepo nkhope limavuta kulilandira, ngakhale litakhala loona.

Kolera inationetsa mtengo wa zimenezi kawiri konse. Mu Okutobala 2017 matendawa anabuka muno, ndipo pofika Januwale 2018 bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa, asilikali anatsikira m'misewu, ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu anachotsedwa. Ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku, ndipo patangopita masiku ochepa anthu anachita zipolowe. Ambiri anawatcha osamva. Ine sindivomereza. Munthu amene amadya zimene wagulitsa tsiku lomwelo, mukamuuza kuti asagulitse koma osamuuza kuti zitha liti ndiponso kuti ana ake adya chiyani, simunalankhule naye, mwangomulamula. Zitsime zosaya zinakwiriridwa, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: nthaka ya ku Kanyama ndi ya miyala yokhala ndi ming'alu, madzi ali pafupi, mvula ikagwa za m'chimbudzi zimatsikira m'chitsime cha pafupi ngakhale madziwo akuoneka oyera. Mfundo imeneyi munthu aliyense angaimve ikafotokozedwa bwino. Koma ambiri anangoona anthu obwera ndi mafosholo.

Mu Okutobala 2023 kolera inabweranso, yoopsa kuposa kale. Anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno, masukulu amene amayenera kutsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale, ndipo Heroes inadzazanso. Ambiri anafera kunyumba kapena panjira, asanafike kumene kunali madzi a m'botolo oika m'mitsempha. Kolera ndi matenda ochizika. Munthu akayamba msanga kumwa ORS, madzi aja osakaniza mchere ndi shuga, n'kuthamangira ku chipatala, mwayi wochira ndi waukulu kwambiri. Nanga n'chifukwa chiyani anthu ankabisa odwala m'nyumba? M'makomboni munkayenda mawu akuti wopita ku Heroes sabwerako. Abale ankaima kunja kwa bwalo lija masiku, osadziwa ngati m'bale wawo ali moyo. Ndiye panali nkhani ya maliro. Mtembo wa womwalira ndi kolera umapatsirabe matenda, motero suyenera kusambitsidwa ndi abale, ndipo umaikidwa msanga ndi anthu ochepa. Achipatala akunena zoona pamenepa. Koma kwa ife, kuika mayi wako osamuona nkhope, osamuimbira, osagona pamaliro, ndi bala limene silipola msanga. Banja limene laona anansi awo akudutsa m'zimenezi, mwana wawo akayamba kutsekula m'mimba limayamba laganiza kaye kawiri.

Apa ndi pamene panafunika munthu woti akhale pansi ndi banja. Osati chikalata, koma abusa kapena ansembe amene aphunzitsidwa ndi achipatala, onena kuti pemphero tichita, nyimbo tiimba titatalikirana, mwambo wokumbukira tidzachita matenda akatha, koma thupi musaligwire chifukwa tikufuna kuti ana otsalawa akhale ndi moyo. M'mipingo ina zinachitika. Anasiya kupatsana moni wa m'manja, anaika zidebe za madzi a klorini pakhomo la tchalitchi, ndipo anthu anamvera popanda wapolisi. Chondiwawa n'chakuti zimenezi zimayamba maliro atachuluka kale, pamene zinayenera kukambidwa mu Seputembala dzuwa likuswa mtengo.

Mphamvu ya mawu a mipingo si yachilendo kuno. Mu 1991, a Kaunda ndi a Chiluba atalephera kumvana pa za malamulo oyendetsera dziko, anakumana mu Cathedral of the Holy Cross, atsogoleri a mipingo ali pakati. Mu 2001, pamene kunali zoti a Chiluba aimenso kachitatu, mabungwe atatu akuluakulu a mipingo, la maepisikopi a Katolika, CCZ ndi EFZ, anagwirizana ndi maloya a LAZ ndi amayi a NGOCC mu Oasis Forum, ndipo nkhaniyo inagwa. Abale athu a ku Malawi amakumbukira kalata ya maepisikopi ya pa 8 Malichi 1992, imene inagwedeza ulamuliro wa a Kamuzu Banda. Kalata ija inali ndi mphamvu chifukwa inawerengedwa m'matchalitchi tsiku limodzi, m'zilankhulo za anthu, moti agogo a kumudzi anaimva ndi makutu awo nthawi yofanana ndi a m'tauni.

Ndiye ndili ndi mawu kwa atsogoleri a mipingo ikuluikulu, ndipo ndikunena mwaulemu. Masiku ano zikalata zanu zambiri zayamba kufanana ndi za unduna. Zimatuluka m'Chingerezi chozama, zimawerengedwa pamaso pa makamera, zimazungulira pa WhatsApp pakati pa ophunzira, ndipo a ndale amaziyankha tsiku lomwelo. Mkhristu wa ku Chawama kapena ku George amangomva kuti maepisikopi akangana ndi boma, koma zimene mwanena pa za mtengo wa ufa, pa za ngongole ya dziko, pa za malamulo, sizimufika. Ngati mukulankhula m'dzina la osauka, osaukawo ayambe ndiwo kumva.

Palinso ena amene amagwiritsa ntchito chikhulupiriro cha anthu moipa, ndipo sitingawalambalale. Tonse tamvapo za aneneri ouza munthu kuti wachira, ataye ma ARV, patapita miyezi tikukamuika ku manda a Chingwere. Katemera wa COVID-19 atafika mu Epulo 2021, mawu akuti ndi chizindikiro cha chilombo anayenda mofulumira kuposa mawu a unduna, ndipo anayenda m'njira yomweyi ya munthu ndi munthu, kuchokera kwa amene timawakhulupirira. Bodza lotere limamera pamene pali funso losayankhidwa. Munthu anafunsa kuti, katemerayu wapangidwa msanga bwanji, kodi sanditseka kubereka? Ku ofesi kunalibe womuyankha, koma mneneri anali ndi nthawi, anamuyankha. Mipingo yodalirika ikhale yolimba mtima kudzudzula anzawo otere poyera, powatchula zochita zawo, chifukwa chete wawo amaoneka ngati chivomerezo.

Boma nalo limaudziwa mpingo, koma limaudziwa ngati malo amene anthu asonkhana kale. Pa 29 Disembala 1991 a Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo a dziko. Mu 2015 a Lungu anakhazikitsa 18 Okutobala kukhala tsiku la mapemphero, nthawi imene kwacha inali kugwa ndipo magetsi ankazimazima. Mu 2016 kunabwera unduna woona za zipembedzo, umene unathetsedwa mu 2021 a Hichilema atalowa. Zipani zasinthana, koma chizolowezi chimodzi sichinasinthe: chisankho chikayandikira, akuluakulu amafika m'tchalitchi, apatsidwa mpando wa kutsogolo, apereka moni amene amasanduka kampeni, asiya envulopu ya ndalama zogulira malata, n'kunyamuka mapemphero asanathe. Kupemphererera dziko n'kwabwino, ine ndimapemphera nawo. Koma guwa likazolowera kulandira envulopu, tsiku limene lidzafune kunena zoona anthu adzayamba afunsa kuti walipira ndani, ndipo pamenepo tataya chinthu chimene chinatithandiza mu 1991 ndi mu 2001.

Munthu amene ndikufuna kumuona ataima kutsogolo kwa mpingo si phungu. Ndi namwino wa pa kiliniki ya m'dera lathu, atapatsidwa mphindi khumi pa nthawi ya zolengeza ndi mphindi zina khumi za mafunso. Ndi wa komiti ya chitukuko ya m'wadi. Ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo m'menemo muli thandizo la ana a sukulu zogonera komweko, la maphunziro a ntchito zamanja, ndi ngongole za magulu a amayi ndi achinyamata. Funsani m'minibasi kuti mafomu amatengedwa kuti, amatsekera liti, ndani amasankha, muone kuti ayankhe angati. Amene amamva msanga ndi amene ali pafupi ndi khansala, ndipo ena onse amamva mayina atatuluka kale. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linasainidwa mu Disembala 2023, patatha zaka zoposa 20 likukambidwa, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma munthu sangalembe kalata yofunsa za chinthu chimene sanamvepo kuti chilipo.

Kugwira ntchito limodzi kotere sikwatsopano. CHAZ, bungwe la zipatala za mipingo, lakhalapo kuyambira 1970, ndipo zipatala ngati St Francis ku Katete ndi Mwami ku Chipata zimathandiza anthu mogwirizana ndi boma popanda kusanduka nthambi za chipani. Ngati zinatheka pa mankhwala ndi anamwino, zingathekenso pa uthenga.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti si onse amapita ku tchalitchi, ndipo akunena zoona. Anyamata oitanira mabasi ku City Market, amene amagona m'mabala a ku Chibolya, amene amagwira ntchito Lamlungu, amenewa zolengeza za mlembi siziwafika. N'chifukwa chake sindikunena kuti boma litule udindo wake m'manja mwa abusa. Likhale ndi pakamwa pakepake, lophunzira kwa mipingo: Chinyanja chimene timalankhula pamsika, osati chotanthauziridwa mothamanga kuchokera ku chikalata, mapologalamu oimba foni pa mawailesi a m'dera ngati Komboni ndi Yatsani pomwe wa ku unduna amakhala mpaka mafunso atha, ndi munthu wodziwika dzina m'wadi iliyonse amene tingamupeze.

Kwa inu akulu a mipingo, atsogoleri a miphakati, amayi a Chigwirizano ndi a Dorika, mashehe athu, pempho langa ndi loti musadikire kalata yochokera ku unduna. Mvula isanagwe, pitani ku kiliniki yapafupi mukapemphe namwino kapena woona za ukhondo kuti abwere Lamlungu, pa Sabata kapena Lachisanu. Afotokoze za klorini, za ORS, za kumene wodwala angathamangire usiku, ndiponso za mmene maliro a kolera amayendera, ndipo mulole anthu afunse mpaka akhutire, ngakhale mapemphero atatha mochedwa.