Madobadoba a basketball andipeza kuno ku Indiana

Ndikulemba izi nditangoweruka shifiti ya usiku. Miyendo ikuwawa, koma sindigona ndisanatulutse zomwe zandikhala pakhosi kuyambira mwezi wa July.

Ndakhala ku Indiana, kuno ku America, zaka 14. Ndimagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwadyetsa. Bambo akunyumba amayendetsa thiraki ndipo sabata yonse amakhala pamsewu. Mwana wathu woyamba ali ndi zaka 16. Mulungu anam'patsa msinkhu, moti pakhomo la kubafa amachita kuwerama. Kuno mwana wamtali sangayende m'sitolo osafunsidwa ngati amasewera basketball. Masewerawa anthu a ku Indiana anabadwa nawo, ndipo mpira wa ana a sekondale umadzaza holo ya anthu masauzande. Wathuyu anayamba ali ndi zaka 9, ndipo ine ndinkangoona ngati njira yoti asamayendeyende.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti makochi a makoleji sadalira kwenikweni mpira wa kusukulu. Ana amakawaonera ku matimu oyendayenda a nthawi ya tchuthi, ndipo ma ligi akuluakulu a matimu amenewa amayendetsedwa ndi makampani a nsapato: Nike, Adidas ndi Under Armour. Kholo umalipira ya timu, mafuta a galimoto, hotelo, komanso pakhomo polowa kuti uonere mwana wako yemwe. Ine ndakhala ndikutenga mashifiti owonjezera Loweruka ndi Lamlungu chifukwa cha zimenezi.

Tsiku lina mu July tinali ku mpikisano ku Indianapolis, m'chinyumba chokhala ndi mabwalo ambirimbiri, mapinto akulira mbali zonse. Ndinakhala pamwamba ndi kabakuli kanga ka mpunga ndi nkhuku. Panabwera bambo wina wovala bwino, wonunkhira, n'kukhala pafupi nane. Anandipatsa moni mwaulemu. Ankadziwa dzina la mwana wanga, msinkhu wake, sayizi ya nsapato yake. Ankadziwa komwe ndimagwira ntchito. Ankadziwanso kuti galimoto yathu inafera pamsewu mwezi wapitawo. Thupi langa linazizira, chifukwa ine munthuyo ndinali ndisanamuonepo.

Patatha sabata, pakhomo panafika katoni ya nsapato mapeyala atatu, popanda dzina la wotumiza. Pa mpikisano wotsatira ananditsata poimika magalimoto, n'kundipatsira envelopu m'manja. Anati, "Mayi, sindikufuna kalikonse. Ndikungothandiza banja. Nthawi yosankha koleji ikadzakwana, tidzakhala pansi."

Abale anga, sindinama, envelopuyo ndinaigwira kaye. Inali yolemera. Lendi inali itadutsa masiku asanu, ndipo amayi kumudzi anali atangoimba za ndalama ya feteleza. Koma mawu akewo ndinawazindikira. Ndi omwe aja a dobadoba wa pakhomo pa ofesi kwathu, uja amati bweretsani mapepalawo ndikuthandizeni. Akuluakulu anati kupatsa n'kuikiza. Ndinam'bwezera, manja akunjenjemera, n'kulowa m'galimoto.

Masewera awiri otsatira mwana wanga anakhala pabenchi pafupifupi nthawi yonse. Palibe anandiuza chifukwa. Pobwerera kunyumba, maola atatu, sanayankhule. Titafika anangoti, "Amayi, aliyense amalandira. Inu nokha mwafuna kundiwonongera." Mawu amenewo akundiwawabe mpaka lero kuposa msana wanga.

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi nkhani ya mnyamata wina amene anaphunzira pafupi ndi kuno, ku La Porte, dzina lake Brian Bowen. Anali mmodzi mwa ana odziwa mpira kwambiri mu America yense, ndipo mu 2017 anasankha yunivesite ya Louisville, yomwe timu yake imavala Adidas. Pa 26 September chaka chomwecho, apolisi ofufuza milandu a FBI anamanga anthu khumi. Kunapezeka kuti mkulu wina wa Adidas, James Gatto, mnzake Merl Code, ndi mnyamata wofuna kukhala ejenti, Christian Dawkins, anakonza zopatsa bambo a Bowen madola 100,000 kuti mwanayo apite ku Louisville. Zomwe bambowo analandira m'manja sizinakwane n'komwe madola 20,000, ndipo anazilandirira poimika magalimoto ku New Jersey. Nditawerenga zimenezo ndinaona envelopu yanga ija. Bambowo anauza khoti kuti mwana wawo sankadziwa kanthu. Komabe mnyamatayo sanasewerepo masewera ngakhale amodzi a koleji. Anathera ku Australia, ku timu ya Sydney Kings, kukayambira kutali ndi kwawo.

Tsopano imvani amene analangidwa. Pa khumi aja panali makochi anayi, onse achiwiri kwa kochi wamkulu, onse akuda: Chuck Person wa ku Auburn, Lamont Evans wa ku Oklahoma State, Book Richardson wa ku Arizona ndi Tony Bland wa ku USC. Iwowa ankalandira chibanzi kuti azikankhira ana kwa maejenti ndi alangizi a zachuma. Sindikuwaikira kumbuyo, chifukwa kugulitsa mwana amene amakukhulupirira ndi tchimo. Richardson anavomera kuti analandira madola 20,000 ndipo anagamulidwa miyezi itatu. Evans miyezi itatu. Gatto miyezi 9. Koma kochi wamkulu, amene amalandira mamiliyoni pachaka, palibe ngakhale mmodzi amene anaimbidwa mlandu kukhoti. Rick Pitino anachotsedwa ntchito ku Louisville mu October 2017, iye n'kumanenetsa kuti sankadziwa, ndipo mu 2020 anali atapeza kale ntchito ku Iona, mu 2023 ku St. John's. Will Wade wa ku LSU anamveka pa foni yomwe FBI inkamvetsera akukamba za zomwe analonjeza kuti apeze wosewera wina. Anakhalabe pa ntchito mpaka 2022, ndipo patangopita chaka yunivesite ina inamulemba.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi momwe boma linauikira mlanduwo. Akuti oberedwa anali mayunivesite! Akuti ananamizidwa, anapereka sikolashipu kwa ana osayenera. Mayunivesite omwewo amene amadyerera thukuta la anawa. Mpikisano waukulu wa makoleji wa March Madness wokha, makampani a TV a CBS ndi Turner anasainira madola 10.8 biliyoni mu 2010 kuti aziuonetsa zaka 14, ndipo mu 2016 anawonjezera 8.8 biliyoni kuti afike 2032. Nthawi imeneyo lamulo la NCAA, bungwe loyang'anira masewera a makoleji, linkati mwana wothamanga m'bwaloyo asalandire kanthu kupatula sukulu, chakudya, pogona ndi kandalama kochepa. Ukatseka madzi ochuluka chonchi, amaboola pansi. Ndiye akaboola, wolangidwa ndi mwana wa mayi wolephera lendi.

Ndimaganiziranso za Silvio De Sousa, mnyamata wochokera ku Luanda, ku Angola. Anabwera kuno ali wachichepere, makolo ali kutali, akusungidwa ndi munthu wina. Pa mlandu wa Gatto uja mu 2018, munthu wogwira ntchito ndi Adidas anauza khoti kuti anapatsa womusungayo madola 2,500. Mu February 2019 NCAA inaletsa De Sousa kusewerera yunivesite yake ya Kansas zaka ziwiri, ngakhale yunivesite inkanena kuti mnyamatayo sankadziwa ndipo sanaone kobiri. Atachita apilo anam'chepetsera chilango, koma chaka chathunthu chinali chitapita. Kochi wake wamkulu, Bill Self, anapatsidwa kontirakiti ya moyo wonse mu 2021, ndipo mu 2022 Kansas inatenga chikho. Ana otere ochokera ku Africa alipo ambiri m'masukulu ogonera komweko kuno, ochokera ku Senegal, Nigeria, Mali, South Sudan. Ndikawaona ku mipikisano, aatali, achete, popanda mayi wowabweretsera madzi, ndimafunsa mumtima kuti amene ali ndi pasipoti ya mwanayu ndani, ndipo walonjeza chiyani kwa yani.

Kuntchito kuno ndamvapo zambiri. Munthu akangodziwa kuti ndine wa ku Africa amayamba kundifunsa za katangale, ndipo wina anachita kundiwerengera za Cashgate ya 2013 pa foni yake. Sindikana, kwathu ziphuphu zilipo ndipo zatipweteka. Koma kwathu timazitchula dzina lake. Wapolisi akati ya fanta, tonse timadziwa kuti n'chiyani. Kuno chinthu chomwecho amachitcha kuthandiza banja, kulangiza, kuyika ndalama m'tsogolo la mwana. Ndinabwera kuno ndikukhulupirira kuti mwana akalimbikira, pepala lake ndi luso lake zimuyankhulira. Chikhulupiriro chimenecho ndi chomwe chandithera.

Ena mundiuza kuti malamulo anasintha. Ndikudziwa. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera a m'makoleji amaloledwa kupeza ndalama ndi dzina ndi nkhope zawo, zomwe amati NIL. Mu June 2025 woweruza anavomereza mgwirizano woti yunivesite izilipira yokha osewera ake, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Zimenezi n'zabwino, anawa amayenera kulipidwa kalekale. Koma zikundiwawa kuti ndalama yomwe inawonongera Bowen tsogolo lero ikuperekedwa poyera, atolankhani akujambula, ndipo palibe amene anam'bwezera zaka zake. Komanso madobadoba sanachoke. Achuluka, chifukwa ndalama zachuluka. Ejenti wa wosewera wa NBA, ligi yaikulu ya basketball kuno, saloledwa kudula zoposa 4 pa 100 za malipiro a kontirakiti, koma munthu wobwera kwa mwana wa zaka 16 ndi pepala la NIL alibe malire otero. Amafuna makolo ngati ife, otopa, osadziwa malamulo a kuno, amanyazi kufunsa, kuti tisaine chikalata chomanga mwana zaka zambiri chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri. Sakuuza kuti NBA imasankha anyamata osapitirira 60 pachaka kuchokera dziko lonse lapansi, pamene makoleji a gulu lapamwamba la Division I okha akupitirira 350. Bondo likathyoka, foni yake siiyankhidwanso, koma pepala lija limakhalapo.

Bambo akunyumba atabwera Lachisanu ndinawafotokozera zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anamuitana mwana pa tebulo. Anam'werengera ndalama zomwe timalandira ndi zomwe timalipira, osabisa kanthu, mpaka za kumudzi. Anamuuza kuti, "Mwanawe, tikakugulitsa lero, sitidzakhala ndi chokuwombolera." Mnyamatayo analira, ine ndinalira. Sindikudziwa ngati watikhululukira. Tam'chotsa ku timu ija ndipo tikufunafuna ina, yomwe ili kutali ndi kuno, kutanthauza kuti mashifiti a Lamlungu sindisiya msanga.

Nsapato zija zikadali m'katoni yake pamwamba pa kabati, chifukwa ndilibe adiresi yozibwezera. Iye akuvalabe zakale zomwe zinayamba kung'ambika chakuchala, ndipo m'mawa uliwonse amaziyang'ana zatsopanozo asanatuluke. Dzulo usiku, ndili pakati posintha mayi wina wokalamba zofunda, foni inanjenjemera m'thumba. Anali bambo uja, pa nambala yanga yomwe sindinam'patse, akufunsa ngati mwana ali bwino ndiponso ngati galimoto inakonzedwa.