Lekani kundipepesa, kukhala ku Zomba si chilango

Anthu a ku Lilongwe, tandiuzani, matenda amenewa munawatenga kuti? Munthu akangoti ndinasamukira ku Zomba, inu nkhope yagwa kale, mawu atsika, "pepani kwambiri." Mukupepesa chiyani? Wamwalira ndani?

Loweruka lapitali ndinali pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Area 25. Perekaniperekani ali mkati, ine ndili pa tebulo la osintha ndalama paja, alamu anga ena anandigwira paphewa. Munthu wamkulu ndithu, suti yosita bwino, makiyi a galimoto ali m'manja kuti aliyense awaone. Akuti, "Alamu, pepanitu, tinamva. Eti anakuponyerani ku Zomba? Munawalakwira chiyani mabwana anu?" Ndisanayankhe n'komwe, mnzawo amene anaima pambali anathira ndemanga: "Ku Zombako mbali iti, ku mental kapena kundende?" Onse anafa nalo phwete. Ine ndinangomwetulira mwaulemu, poti pa chinkhoswe cha mwana sukangana ndi alamu anthu akuona. Koma mtima unawira, ndipo mpaka lero sunazizire. Pamaso paja ndinakusungirani ulemu, ndiye mumvere pompano.

Sanandiponye. Choponya ndi chinyalala. Ntchito inandisamutsa, ndinalongedza katundu, ndinapita, ndipo ndikukhala bwinobwino ndi ana anga. Kusamukira ku mzinda waung'ono si chilango. Si tsoka. Si umboni woti munthu wayambana ndi bwana wake kapena zake zamuthera. Mwamva? Si chilango.

Nthabwala ya mental ija ndiyo inandinyansa koposa. Inde, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndende yaikulu ilinso komweko. Ndiye? Odwala amene ali m'chipatalamo ndi ana a anthu, ochokera m'maboma onse a dziko lino, ena a m'ma Area mwanu momwemo. Tsiku limene m'bale wanu adzadwale mudzathamangira naye komweko, ndipo tsiku limenelo simudzaseka. Mzinda wathunthu, wa mabanja, masukulu, matchalitchi ndi mizikiti, inu mumaudziwa ndi nyumba ziwiri basi?

Komanso kudzikuza kwanuku n'kwa dzulodzuloli. Mzinda mukuunyozawu unali likulu la dziko lino kuyambira nthawi ya atsamunda, 1891, mpaka 1975 pamene Kamuzu anasamutsira likulu ku Lilongwe. Ngakhale likulu litachoka, aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Nthawi imene dziko linkayendetsedwa m'munsi mwa phiri lija, malo ambiri amene lero mumawatcha ma Area anali minda ndi tchire. Satifiketi ya MSCE imene munaiika mu fulemu pabalaza ija inachokera ku MANEB, ku Zomba. Makalata akale a boma amasungidwa ku National Archives, ku Zomba. Ngakhale chiwerengero chimene mumadzitama nachocho, choti pa kalembera wa 2018 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 990,000 pomwe wa Zomba unali ndi 105,000 okha, anakuwerengerani ndi a National Statistical Office, ndipo likulu lawo lili kuno konkuno. Ife ndi amene timakuuzani kuti mulipo angati.

Ndipo ena mwa ovala masuti amene ankaseka pa chinkhoswe paja ndimawadziwa bwino. Anadutsa pa Chanco, sukulu imene yakhala ku Zomba kuchokera 1973. Munadya chipisi cha ngongole ku Chikanda, nsapato munathera mu msewu wa ku Chirunga, digiri munalandirira mu Great Hall makolo anu akululutira panja. Lero mwapeza ofesi ya mpando wozungulira, ku Zomba kwasanduka kotayira anthu? Manyazi bwanji.

Ine ku Lilongwe ndakhalako, musandiuze ngati mlendo. Ndikudziwa kudzuka kusanache, kuphikira ana phala ndi tochi ya foni, kuthamangira pa siteji, kupanikizana anayianayi pampando kondakitala atakutsamira pabondo, kenako kuima pa mzere wa magalimoto dzuwa likukwera. Ukamafika kuntchito watopa kale, kolala ya malaya yafiira ndi fumbi. Madzulo chimodzimodzi, ukafika kunyumba ana agona, umangowaona Loweruka ndi Lamulungu. Malipiro akangolowa, lendi yatenga yake, minibasi yatenga yake, makala atenga yawo, mwezi usanafike pakati wayamba kale kuyimbira a katapila. Ndiye munthu ameneyo, amene wabwereka ndalama ya mafuta kuti aoneke pa chinkhoswe ndi galimoto, akundipepesa ine? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kuno ndimapita kuntchito wapansi. Masana ndimabwera kunyumba kudzadya nsima yotentha, n'kubwerera nthawi isanakwane. Mwana akadwala kusukulu, ndakwera kabaza, posakhalitsa ndafika. Madzulo ndimakhala pakhonde ndi ana, homuweki tikuchitira limodzi kunja kukuwala. Ndikatsegula mpope, madzi ake ndi a m'phiri, ochokera ku damu la Mulunguzi, ozizira osafuna firiji. Kodi chilango chimakhala chotere?

Bwerani mudzalowe mu msika wa Zomba Loweruka m'mawa, mudzaone ngati muli anthu olangidwa. Pali mayi wina amene ndimagulako matemba a ku Chilwa. Amawaika timilu pa thumba loyala pansi, ndipo akakuona ukubwera wayamba kale kusankha ouma bwino, osasweka mitu. Amakufunsa za kunyumba, za mwana amene ankatsokomola sabata yatha uja, kenako n'kuponyamo basela osamupempha. Pambali pake mpunga wa ku Domasi ukununkhira m'mabeseni, mlamba wowamba, nandolo wamuwisi nyengo yake ikafika, mapeyala akuluakulu, mbatata ya kachewere yotsika m'phiri dothi lisanaume. Mukakwera msewu wa ku Ku Chawe, anyamata akukuimitsani ndi masitiroberi m'timabasiketi, omwe aja mumawagula m'masitolo akuluakulu atawakulunga mu pulasitiki mtengo utakwera. Ndipo n'zoseketsa, chifukwa anthu omwewa, Khirisimasi ikafika, ndi amene amadzaza msewu wa m'phiri ndi magalimoto, kudzajambulitsa pa damu ndi pa mathithi, zithunzi mbwee pa Facebook. Kudzacheza n'kwabwino, koma kukhalako ndi chilango? Sankhani chimodzi.

Tsiku limene ndinkasamuka, lole inadutsa Dedza, Ntcheu, Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, n'kufika kutada, mvula ikuwaza. Ndinali ndisanadziwane ndi munthu aliyense. Sitinatsitse n'komwe mipando iwiri, anyamata a nyumba yoyandikana atulukira, bambo awo ali pambuyo ndi tochi, kunyamula mabedi ndi matumba a chimanga mpaka lole yonse yatha. M'mawa mwake gogo wina wa kuseri anabwera ndi nkhwani m'mbale, moni wake wa Chiyao, "Ajimwiche uli?" Ine osadziwa poyankha, iye kuseka, n'kundiphunzitsa pomwepo. Ku Lilongwe ndinakhala zaka ndi munthu mpanda umodzi, dzina lake ndinalidziwa tsiku la maliro ake.

Musandiyese wogulitsa malo, sindikunena kuti kuno ndi ku paradizo. Mzindawu ndi waung'ono, ndipo ung'ono wake umaumva. Kukangoda masitolo atseka, tauni yagona. Galimoto ikafuna sipeya yachilendo, konzekani ulendo wa ku Limbe. Ntchito za m'makampani n'zochepa, mwana akamaliza sukulu maso amakhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ophunzira a pa Chanco akapita ku holide, a kabaza ndi ogulitsa chipisi amalira, ndalama imasowa m'tauni monse. Mvula ya kuno ikayamba siidziwa kusiya, zovala zimachita nkhungu pa chingwe. Ndipo chinsinsi kulibe. Ukagula nkhuku ziwiri mu msika, Lolemba kuntchito akufunsa kuti alendo aja anali ndani. Ukakhala pa malo ena ake mochedwa, nkhani ifika kunyumba iwe usanafike. Zonsezo ndikuzidziwa, ndimakhala nazo. Koma amenewo ndi mavuto a malo, monga malo alionse ali ndi ake. Chilango ayi.

Chimene chikundipweteka kwenikweni n'chakuti kalankhulidwe kameneka kakuwononga ana. Mtsikana wamaliza maphunziro a unamwino, mnyamata wamaliza a uphunzitsi, kalata yatuluka kuti akagwire ntchito kwakuti, m'malo mosangalala banja lonse lili pa maliro. Amalume ayamba kuyimba mafoni kufunafuna wodziwana naye ku likulu, azakhali akusaka kalata ya dokotala yonena za matenda amene mwanayo alibe, zonsezo kuti asachoke mu Lilongwe. Ena amalolera kukhala pakhomo osagwira ntchito, kudya za makolo, kusiyana n'kuti anzawo amve kuti ali ku boma lakutali. Anawaphunzitsa ndani? Inuyo, ndi "pepani" wanuyo. Ngati ku Zomba, kumene kuli yunivesite, chipatala chachikulu, mabanki, Cobbe Barracks ndi nyumba ya boma, mukukuyesa kotayira anthu, nanga mphunzitsi wa ku Chitipa mumamuona bwanji? Namwino wa ku Nsanje? Wapolisi wa ku Likoma? Anzanga a ku Mzuzu, ku Kasungu, ku Mangochi, ku Karonga, ndikudziwa nanunso mawu amenewa mumawamva mukapita ku maukwati. Mwina n'chifukwa choti ma alawansi ndi misonkhano yonona zonse zimathera pa Capital Hill, kaya, zimenezo akambe ena. Ine changa n'chimodzi: munthu amene akugwira ntchito kunja kwa Lilongwe ndi Blantyre sanalakwe kanthu. Sanatayidwe. Sakudikira chikhululukiro cha wina aliyense.

Ndipo lekani kundifunsa kuti "mubwerera liti?" Kubwerera kuti? Lekaninso zondilonjeza kuti muli ndi mnzanu ku likulu amene angandithandize kutuluka. Kutuluka m'chiyani? Sindinamangidwe. Amene mukufuna kundithandiza, bwerani mudzandione, mudye matemba, mugone, m'mawa mudzuke muone phiri lili pakhomo, kenako mukapepese anzanu amene ali pa mzere wa minibasi ku Depoti.

Koma poti ndayamba kale kulankhula, eni nyumba a mu Zomba nanunso musaombe m'manja, sindinakuiwaleni. Inu ndiye mukufuna kuti mawu a alamu anga aja asanduke oona. Munthu wabanja kupeza nyumba ya lendi kuno ndi nkhondo, chifukwa aliyense maso ali pa ana a sukulu. Nyumba ya zipinda zitatu mwaigawa ndi mapulanga, pabalaza mwaikapo mabedi osanjikiza, ngakhale khitchini mwagonekamo anthu, ndipo mukulipiritsa pa mutu, osati pa nyumba. Chimbudzi chimodzi, bafa imodzi, ana a eni ake akuima pa mzere m'mawa ndi ndowa. Wabanja akabwera mumamuyang'ana ngati wakuba, poti mukudziwa kuti iye sangalipire zimene mumatolera kwa ophunzira. Ku Chikanda, ku Matawale, ku Chinamwali, nyimbo ndi imodzi. Ndiye pabwere anyamata odzitcha ma ejenti aja, ofuna ndalama yoonera nyumba usanaione n'komwe, n'kukuyendetsa dzuwa lonse kukakuonetsa nyumba imene muli kale anthu. Ina anandionetsa ine, denga likudontha, khoma lili ndi mng'alu wolowa dzanja, chitseko cha kuchipinda chomangira waya. Mwini wake, osachita n'komwe manyazi, akuti, "Bambo, ndikufuna miyezi itatu pasadakhale, zokonzazo muziona nokha mukalowa."

Miyezi itatu. Nyumba yopanda siling'i.