Kapu yopita nayo kuphiri: musathamangire titanium

Nyengo yozizira ikamayandikira, m'magulu a WhatsApp a ife okwera mapiri kuno ku Lilongwe mumabuka mikangano ya zida. Chaka china inali nsapato, chaka china zikwama, pano yafika pa kapu. Wina waona pa YouTube mzungu akuyeza kapu yake pa sikelo, basi tonse tayamba kulota titanium, chitsulo chopepuka chodula. Maganizo anga ndi awa, wofuna kunditsutsa anditsutse: kwa munthu wokwera Nkhoma, Dedza, Dzalanyama kapena Mulanje, kapu yoyenera kuphikira ndi kumwera momwemo ndi ya stainless steel (chitsulo chosachita dzimbiri), yachitsulo chimodzi chosaphatikiza, yokhala ndi chivindikiro, yolowa madzi pakati pa 600 ndi 750 ml. Ya titanium ndi yabwino, koma siinapangidwire maulendo athu.

Tiyambe ndi kulemera, poti ndi pamene anzathu a titanium amayimira. Zoona, chitsulo chimenechi n'chopepuka. Mukatenga zidutswa zofanana kukula, titanium imalemera pang'ono kupitirira theka la stainless steel, ndipo poti ndi yolimba amatha kuipanga yopyapyala kwambiri. Kapu ya titanium ya 750 ml ndi chivindikiro chake imalemera magalamu pafupifupi 100. Ya stainless steel yofanana nayo ingafike 150 kapena 200. Ndiye mwapulumutsa chiyani? Magalamu osapitirira 100. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho zomwe mwachotsa pamsana zikufanana ndi madzi osakwana theka la kapu ya tiyi. Imwani pang'ono m'botolo lanu musanayambe chitunda cha pa Likhubula, m'tsinde mwa Mulanje, mwabweza kale kusiyanako popanda kutulutsa tambala.

Ndipo tisanamizane, achimwene. M'chikwama chomwecho muli ufa, shuga, botolo la Sobo, jinzi yosinthira, ndi sipika ya Bluetooth imene palibe anakupemphani kuti mubwere nayo. Azungu owerenga magalamu aja amadula ngakhale chogwirira cha mswachi, amayenda masabata angapo atadzinyamulira zonse okha. Ife ambiri timagona usiku umodzi kapena uwiri, ndipo ku Mulanje timalemba anyamata onyamula katundu. Kugula kapu ya madola, kulipira kutumiza ndi msonkho, nthawi ino imene ndalama zakunja zikusowa, kuti uchepetse magalamu 80 m'chikwama chimene wanyamula ndi munthu wina, ine sindikuonapo nzeru. Ndalamayo muonjezereni wonyamulayo.

Koma nkhani yaikulu si kulemera, ndi chimene timaphika. Kapu za titanium anazipangira munthu amene amangowiritsa madzi n'kuthira m'paketi ya chakudya chouma. Ife kuphiri timaphika Likuni Phala m'mawa, madzulo ma noodles othira soya pieces, ena mpunga, ena mpaka kansima. Titanium siyendetsa kutentha bwino, ndipo poti ndi yopyapyala, pamene lawi lagunda pomwepo ndi pamene pamatentha koopsa, m'mbalimo mukali mozizira. Phala limapserera pakati lisanapse. Kunena chilungamo, stainless steel nayo siyendetsa kutentha bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti imakhala yokhuthalako pansi, ndipo ikapsereza mumaikwecha ndi mchenga wa kumtsinje mtima uli m'malo. Kapu yogula madola mudzaikwecha ndi mchenga inu?

Palinso nkhani ya moto. Kunja amagwiritsa ntchito timbaula ta gasi, ndipo 750 ml inatchuka chifukwa kachitini ka gasi ka magalamu 100 kamalowa m'kapu momwemo pamodzi ndi kambaula. Kuno timatini timeneto sitipezeka paliponse, komanso m'ndege saloledwa. M'nyumba zogona za pa Mulanje, kaya ndi Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo kapena Sombani, mumapeza mlonda ndi moto wa nkhuni. Kapu yanu idzakhala pamakala kapena pachitsulo cha pamoto, idzada ndi mwaye, wina adzaikankha ndi chikuni. Imafunika kapu yopirira nkhanza. Kanzeru kakang'ono: pakani sopo kunja kwake musanaike pamoto, mwaye umachoka mosavuta, ndipo muzikhala ndi kathumba koikamo kuti isadetse zovala.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetsetse kuposa zonse. Makapu ambiri okongola amene ali m'mashopu a ku Old Town ndi m'misika masiku ano, aja osunga tiyi wotentha nthawi yaitali, ndi ophatikiza zitsulo ziwiri, china mkati china kunja, pakati pali mpata. Kapu yotere musayerekeze kuika pamoto. Poyamba, madzi sawira msanga, chifukwa mpatawo ntchito yake n'kutchinga kutentha. Chachiwiri, mpweya wotsekeredwa pakatipo ukatentha umafutukuka, kapu imatupa, imapindika, mwinanso kuphulika nkhope yanu ili pomwepo mukukoleza moto. Kuizindikira sikuvuta. Pisani chala mkati, china kunja, mutsine khoma lake: ngati ndi lokhuthala, kapena mkati mukuoneka mosaya poyerekeza ndi kutalika kwa kunja, imeneyo ndi ya muofesi. Isiyeni ku Capital Hill.

Aluminiyamu sindiinyoza. Pa zitsulo zitatuzi ndiyo yopepuka kwambiri mukatenga zidutswa zofanana, ndipo imayendetsa kutentha kuposa zinzake kutalitali, n'chifukwa chake mapoto a m'makhitchini mwathu ambiri ndi a aluminiyamu. Pophika phala imaposa zonse. Vuto lake imaphwanyika msanga m'chikwama, chakudya cha matimati chikakhalitsamo chimasintha kakomedwe, ndipo pomwera imawotcha milomo moti tiyi umazizira uli kudikira mkombero. Mukakhala awiri kapena atatu, langizo langa limasintha: tengani kapoto kamodzi ka aluminiyamu ka chivindikiro, aliyense kapu yake ya pulasitiki yolimba, nkhani yatha. Kapu yophikira ndi kumwera momwemo ndi ya munthu woyenda payekha kapena wofuna kudziyimira pa gulu.

Kapu ya agogo ija, yoyera ya mkombero wabuluu, ndimaikonda, koma ikagwa pamwala utoto umachoka, dzimbiri n'kulowa. Zitini za nyemba kapena za jamu zambiri zimakhala ndi kapulasitiki kopyapyala mkati kosayenera moto. Ndipo musakakhometse kapu kwa amisiri a zidebe ndi malata ofolera nyumba. Malata amakutidwa ndi zinki, imene imasungunukira m'zakumwa zowawasa n'kudwalitsa m'mimba.

Chivindikiro ndiye musachione mopepuka, ndipo chifukwa chake chili m'phiri momwemo. Mukamakwera m'mwamba madzi amawira asanatenthe kwenikweni: pa mamita 300 aliwonse amatsika ndi digiri pafupifupi imodzi. Kunyanja yamchere amawira pa madigiri 100. Kuno ku Lilongwe, pamene tili mamita oposa pang'ono 1,000, amawira cha pa 96 kapena 97. M'nyumba za pa Mulanje, cha m'ma 2,000, ndi 93, ndipo pa Sapitwa, mamita 3,002, ndi cha pa 90. Tanthauzo lake mpunga umachedwa kupsa, nyemba zouma musanyamule n'komwe, ndipo tiyi wanu wa Chombe amayamba kale ali wofooka mphepo ya June isanamukhudze. Chiperoni chikagwa, kapu yosavindikira imazizira mukufufuzabe supuni m'chikwama. Chivindikiro chimafulumizitsa kuwira, chimasunga nkhuni, chimatchinga phulusa. Ngati kapu yomwe mwaikonda ilibe, yendani nayo pamsika mpaka mupeze cha kapoto chokwanapo. Madzi a mumtsinje mukawakayikira, a zaumoyo amati awire bwinobwino mphindi imodzi, ndipo kupitirira mamita 2,000 mphindi zitatu. Kapu ya pulasitiki kapena yophatikiza ija singakuchitireni zimenezi.

Kukula kwake, 300 kapena 450 ml ndi ya khofi basi, paketi ya ma noodles sikwanamo, phala likawira limasefukira pamoto. Lita yathunthu ndi poto, kumweramo tiyi kumachititsa manyazi. Pakati pa 600 ndi 750 mumawiritsa madzi a tiyi ndi a phala kamodzi. Sankhani yaifupi yotakata pansi, osati yaitali yowonda. Yotakata imakhazikika pamakala, imalandira lawi lonse, supuni imafika pansi potakasa, ndipo dzanja limalowa potsuka.

Zogwirira zikhale zachitsulo, makamaka zija zopindika zogona m'mbali mwa kapu, kuti zisakole zinthu m'chikwama. Chogwirira cha pulasitiki kapena chokutidwa ndi labala chimasungunuka pa moto wa nkhuni usiku woyamba womwewo. Yang'anani pamene anachilumikiza, muchigwedeze mwamphamvu wogulitsa akuona. Chikamachita gwedegwede pamsika, chidzathothoka kapu itadzaza madzi owira pamwamba pa mapazi anu. Za kuwotcha milomo, chitsulo chilichonse chochoka pamoto chimawotcha, titanium yomwe. Dikirani pang'ono, kapena thirani timadzi tozizira pamkombero.

Kogula? Yambani ku Tsoka ndi m'makaunjika a ziwiya, kenako mashopu a ziwiya a ku Area 2. M'mabelo ochokera kunja mumatuluka makapu a anthu oyenda m'mapiri amene wogulitsa amawaona ngati makapu wamba. Tengani botolo la madzi la 500 ml, mupemphe kuthiramo: madzi onse akalowa n'kutsala mpata wa zala ziwiri pamwamba, kukula kwake ndi komweko, komanso mwaona ngati ikudontha. Mukapeza pansi palembedwa 18/8 kapena 304, imeneyo ndi stainless steel yabwino ya zakudya. Ndipo mwamwayi mukatola ya titanium pa mtengo wa kaunjika, yotuwa, yopepuka modabwitsa m'manja, lipirani msanga osanenerera kwambiri, wogulitsa asanatsegule Google.